Tiyi Wonunkha Utsi

Chitini chimene chinautsa mkangano pakhomo pa Abiti Juma ku Mposa chinali chaching'ono, choti n'kukwana m'thumba la jekete. Chinali chofiira, cholembedwa zilembo zimene ngakhale aphunzitsi a kusukulu sakanaziwerenga. Anachisiya ndi ankhoswe a Hamadi, mnyamata wa ku Balaka amene ankagwira ntchito ku sikimu ya mpunga pamodzi ndi alangizi a Chitchaina, tsiku limene anabwera kudzafunsira Zaina, mwana wamkazi wa pakhomopo. Mwini mbumba, Che Chande, amjomba a Zaina, amene anali mlongo wawo wa Abiti Juma, anauza ankhoswewo kuti yankho adzalimva Lachisanu anthu akachoka ku mzikiti. Choncho ukwati wa Zaina unali m'kamwa mwa munthu mmodzi, ndipo munthuyo sankamufuna Hamadi kuyambira kale.

Pamwamba pa chitinicho panali kakalata. Zaina ndiye anawerengera anthu Loweruka masana, ndipo powerengapo anamva manyazi mpaka ku zala za kumapazi.

"Kwa amjomba Che Chande. Uyu ndi tiyi wa ku China amene anandipatsa bwana wanga. Ndi wovuta kupeza kuposa mbuzi. Ine wanu, Hamadi."

"Kuposa mbuzi," anabwereza Che Chande akusisita ndevu. "Ndiye kuti mbuziyo sitiiona."

Amene anaseka kwambiri anali Sidik, mwini sitolo ya nsalu ku Ntaja. Munthu ameneyu anali ndi njinga yamoto, ndipo kwa chaka chathunthu njingayo inkangodziwa njira imodzi, ya pakhomo pa Abiti Juma. Ankabwera ndi shuga, sopo ndi nkhani zambirimbiri, n'kukhala pampando wabwino ngati anaugula ndi iye. Zaina anamukana katatu, koma alipo amuna ena amene akakanidwa amati mkaziyo ndi wamanyazi chabe.

"Amayi, taphikani tilawe za ku China," anatero Sidik. "Shuga ndabwera naye."

Kunena zoona, Abiti Juma ankadziwa kuphika tiyi. Pa sadaka iliyonse ya m'mudzimo ndiwo ankaitanidwa kukayang'anira migolo. Koma paja safunsa anadya phula. Atatsegula chitini anapezamo timibulu takuda tonga ndowe za mbuzi, ndipo fungo limene linatuluka linali la nyumba yopsa. Anakwinya mphuno, koma anatapa dzanja lodzaza, n'kutapanso lina, n'kuponya mumphika wa madzi owira. Anathiramo mkaka ndi shuga wa Sidik, n'kusonkhezera moto kuti ziwire bwino monga mwa masiku onse.

Sipanapite nthawi, kukhitchini kunamveka mfuu.

"Achimwene! Zikuyenda! Zinthuzi zikuyenda!"

Onse anathamangirako. Mumphika muja timibulu tija tinali titafunyuluka, n'kusanduka zinthu zazitali zakuda zimene zinkapindika ndi kutembenuzika mumkaka wowirawo. Zaina naye anachita mantha, sanganame. Che Chande, posafuna kuoneka amantha pamaso pa akazi, anatunga ndi kapu, n'kuuzira, n'kumwa. Nthawi yomweyo nkhope yawo inakwinyika, ndipo analavula mpaka malovu anafika pankhuni.

"Asitafirula! Kuwawa kwake ngati ndulu! Mwana ameneyu akufuna kundipha, kapena akundiyesa chitsiru?"

Sidik anasuzumira mumphika, n'kupukusa mutu mwa munthu wodziwa zinthu.

"Ine sindikonda kulankhula za anzanga," anayamba motero, monga amayambira onse okonda kulankhula za anzawo. "Koma izi ndinaziona ku Nayuchi. Asing'anga a tsidya lija amakulunga zinthu zawo chonchi, n'kuzifukiza pautsi. Tiyi munamuona liti akuyenda? Uyu ndi kondaine. Mwina tsopano mwamvetsa chifukwa chake mwana wanuyu amakana anthu abwino."

"Bodza!" anakuwa Zaina. "Inu a Sidik, mulibe manyazi?"

"Khala chete pamaso pa akulu!" anamudula Che Chande. "Lachisanu anthu a ku Balaka adzatenge chitini chawo, n'kuona msana wa njira. Ndatha."

* * *

Zaina anawapeza amayi ake kuseri kwa nyumba akupita nacho chitini kuchimbudzi, atachigwira ndi nsanza. Anachitsomphola asanatembenuke n'komwe.

"Bweretsa kuno!"

"Iyayi, amayi."

"Wakumwetsa zingati zimenezi? Ndiuze zoona, ndine mayi wako."

"Sindinamwepo ngakhale dontho. Hamadi ndinamukonda ndili maso, masana dzuwa likuswa mtengo, akukonza ngalande ya m'munda mwathu muja. Inu nomwe munamuyamika tsiku limenelo."

"Ndinayamika ngalande, sindinayamike mkamwini. Munthu wodyera mbale imodzi ndi anthu odya achule! Akakukwatira adzakutengera ku Balaka, ine ndidzatsala ndi ndani pano? Sidik wanena kuti adzamanga nyumba ya malata pomwepa, pamaso panga."

"Ndiye mukwatiwe ndi malatawo inuyo."

Khofi limene amayi ake anamumenya linali loyenera, ndipo Zaina anadziwa. Koma chitini sanachisiye. Analowa nacho m'nyumba tsaya likuyaka, n'kuchibisa pansi pa nsalu m'basiketi. Anakwiyira Sidik chifukwa cha lilime lake, anakwiyira amayi ake chifukwa cha malata, koma mkwiyo waukulu anausungira Hamadi. Mwamuna wanzeru zake angatumize bwanji chinthu chachilendo kwa apongozi popanda ndi mawu amodzi a kaphikidwe, iye n'kutenga tchuthi, n'kukakhala phee kwa mlongo wake ku Balaka sabata yomweyo ya yankho?

Lachiwiri m'mawa anauza amayi ake kuti akupita ku Liwonde kukagula ulusi wa makina. Pamsewu, pamalo odikirira basi, anapeza achinyamata a malaya ofiira akuona makhadi a chipani, ndipo pambali pawo panali Sidik atakhala panjinga yake yamoto, akucheza nawo ngati abale ake.

"Khadi uli nalo, iwe Zaina? Ngati ulibe ndikugulira. Kwera ndikuperekeze."

"Khadi ndili nalo, miyendo ndili nayo. Ndipo 'iwe' ameneyo mukamunenere mkazi wanu mukadzamupeza."

"Ndamupeza kale. Lachisanu si kutali."

"Mumaswali kasanu patsiku ndi pakamwa pomwepo pamene munanamira Loweruka?"

Achinyamata aja anaseka, mmodzi mpaka anawomba m'manja. Sidik anangomwetulira, koma makutu ake anali atamva. Basi itafika Zaina anakwera osacheuka, ndipo ku Liwonde sanatsike.

* * *

Ku Balaka kunali kutentha kwa nthawi zonse, fumbi likulowa mpaka m'mano. Nyumba ya Rukiya, mlongo wake wa Hamadi, inali kuseri kwa siteshoni ya sitima. Zaina anali atakonza mawu ake onse m'basi, kuyambira oyamba mpaka omaliza, koma atangokhota pampanda wa nyumbayo mawu onsewo anabalalika.

Pakhonde panali Hamadi atakhala pakampando, ndipo moyang'anana naye panali mkazi wa wigi yaikulu ndi nsapato za gogoda, atapanira kakapu kakang'ono ndi zala ziwiri. Ankaseka chinachake mutu atauweramitsira kumbuyo. Fungo limene linali pakhondepo Zaina analizindikira asanafike n'komwe pamasitepe.

Anatulutsa chitini m'basiketi n'kuchimenyetsa patebulo. Makapu analumpha.

"Zaina!" Hamadi anaimirira mpaka kampando kanagwa. "Mwabwera bwanji? Kwagwanji?"

"Kodi ndiye mumamwetsa aliyense? Ine ndimayesa ndi wovuta kupeza kuposa mbuzi."

"Awa ndi a Flossie, aphunzitsi, amakhala nyumba iyo. Anangomva fungo..."

"Ndiye awa ndi aja a kumpunga?" anafunsa Flossie akumuyang'ana Zaina kuyambira kumpango mpaka kumapazi afumbi. "Mwatichitira mwayi. Timangomva mbiri."

"Inde, ndine wa kumpunga, umene mumadya pa Khirisimasi. Mwamaliza kumwa?"

Flossie anamaliza tiyi wake mosafulumira, n'kuika kakapu pansi. "Zikomo a Hamadi. Anthu ena zinthu zabwino sazidziwa, si mlandu wawo. Ndidzabweranso." Anatsika masitepe nsapato zikulira go go go.

Rukiya anasuzumira pazenera. "Mlamu, ameneyo musamuwerengere. Amadziitana yekha ngakhale pamaliro." Atatero anabwerera mkati, koma zenera sanatseke.

Zaina anakana mpando. Anafotokoza zonse ali chiimire: za kakalata, za mphika, za malovu a amjomba, za kondaine wa Sidik. Hamadi ankamvetsera pakamwa pali yasa. Koma atamva za kaphikidwe, mwamuna wa Mulunguyu analakwitsa chinthu chimene amuna amalakwitsa kuyambira kalekale. Anaseka.

"Manja awiri odzaza? Ndi mkaka? N'kuwiritsa? Mayo ine, ameneyo ndi tiyi wa miyezi itatu!"

"Mukuseka amayi anga?"

"Iyayi, sindiku..."

"Mukuseka amayi anga, inu amene simunathe kulemba mizere iwiri yowauza chochita? Za mbuzi ndiye munali ndi inki yake! Amayi anga aphika tiyi zaka makumi atatu, sanachititsidwepo manyazi mpaka tsiku la mphatso yanu. Ine ndamenyedwa khofi chifukwa cha inu. Lachisanu ankhoswe anu akukabwezedwa ngati agalu, Sidik akuyeza kale malo a nyumba yake pakhomo pathu, inu muli pano kuthirira aphunzitsi a mawigi. Mumafuna chiyani, a Hamadi? Kuti kwathu akuoneni kuti ndinu ophunzira, mumamwa ndi Matchaina?"

Kuseka kunathera pomwepo. Hamadi anatola kampando kaja n'kukhala, akuyang'ana pansi.

"Shuga Sidik amabweretsa," anatero motsitsa. "Nsalu ali nazo sitolo yathunthu. Mbuzi angagule khumi mawa lomwe. Ndinakhala sabata ziwiri ndikuganiza chinthu chimodzi chokha chimene iye sangachipeze m'sitolo iliyonse kuyambira ku Ntaja mpaka ku Limbe. Ndinali nacho chimenechi basi. Bwana wanga anandipatsa zitini ziwiri tsiku limene ndinamutulutsa m'matope galimoto yake itatitimira, ndipo chodzaza ndinatumiza kwa amjomba. Za kaphikidwe sindinaganize. Ndinapusa, Zaina."

Mkwiyo wa Zaina unafuna poti ugwire n'kusowa. Zimenezi zinamukwiyitsanso mwa mtundu wina.

"Munapusadi," anatero, n'kukhala pansi. "Phikani ndione. Ngati ndi kondaine ndifere pompano."

Hamadi anabweretsa mbaula ndi ketulo. Madzi atawira anawaphula, n'kuwasiya kanthawi kuti ukali utsike. Anatenga kathipoti kadothi kosaposa chibakera, n'kukatsuka ndi madzi otenthawo. Kenako anatapa timibulu tija ndi kasupuni, kamodzi kokha.

"Basi?"

"Basi." Anathira madzi, nthawi yomweyo n'kuwataya pansi.

"Nanga mukutayiranji?"

"Oyambawa ndi osambitsa masamba, kuti adzuke. Ayenda ulendo wautali." Anathiranso ena n'kuvundikira. "Bwana amayang'ana wotchi. Ine ndilibe, ndiye ndimawerenga pemphero la Alifatiha kawiri chamumtima, osathamanga. Mukapitirira pamenepo amawawa. Mukawiritsa ndiye ndulu imene analawa amjomba."

"Shuga?"

"Iyayi. Mkakanso iyayi. Yambani mwanunkhiza."

Tiyi amene anatsikira m'kakapu anali wofiirira, woyera bwino moti pansi pa kapu pankaoneka. Zaina anamuyandikiza kumphuno ali wokonzeka kunyansidwa. Utsi unalipo, koma sunali wa nyumba yopsa uja. Unali utsi wa nkhuni zouma bwino, umene umatsalira m'nsalu munthu akachoka pamoto m'mwezi wa June. Anamwa pang'ono n'kusunga m'kamwa monga anamuuzira. Poyamba lilime linamva utsi wokhawokha, kenako kukhakhala pang'ono m'mbali, ndipo atameza, kukhosi kunabwera kuzuna kwapatali kumene sanakuyembekezere, konga kwa mbatata yootcha. Anadikira kuti kuthe, koma kunakhalabe.

"Muli shuga umu," anatero mokalipa.

"Mulibe. Mwaona nokha."

Hamadi anathiranso madzi pamasamba omwewo. Kapu yachiwiri utsi unali utachepa, ndipo m'malo mwake munatuluka kakomedwe ka masau ouma. Yachitatu inali yofewa, yotsekemera pang'ono, yoti munthu n'kumwa tsiku lonse. Zinamupweteka Zaina kuti chinthu chimene chinamugwetsera mavuto onsewa chinali chokoma chonchi, ndipo chinamupwetekanso n'chakuti Flossie anachilawa iye asanalawe.

"Nanga kuyenda kuja?"

Hamadi anavundukula kathipoti, n'kutola chimodzi mwa zinthu zakuda zija, n'kuchitambasula pachikhatho cha Zaina. Linali tsamba lathunthu, la mitsempha yake ndi timano m'mbali.

"Tiyi wa m'sitolo amamudula n'kukhala fumbi, n'chifukwa chake simunaonepo tsamba lake. Uyu amamuumitsa pautsi wa nkhuni, n'kukulunga tsamba lililonse ndi manja kuti fungo lisathawe panjira. Akalowa m'madzi amangobwerera mmene analili. Ndipita ndekha kwa amjomba ndikawaonetse."

"Mupite ngati ndani? Wofunsira saponda pakhomo yankho lisanatuluke, mukufuna muwonjezere mlandu? Ndikaphika ndine. Ndiphunzitseni mpaka ndidziwe." Anamuchititsa kubwereza katatu, n'kukulunga kathipoti ndi tikapu tiwiri m'nsalu yake. Atafika pamasitepe anatembenuka. "Ndipo wa wigi uja ndikadzamvanso kuti walawa, chitini chinacho mudzachimeza chathunthu."

"Ndamva ine, mlamu," anayankha Rukiya pazenera. "Ndiyang'anira."

* * *

Lachinayi, swala ya masana itatha, Che Chande anali pamkeka pansi pa mtengo wa mango akusoka ukonde. Abiti Juma anali kuseri akupeta mpunga. Zaina anabwera ndi mbaula, ketulo ndi kamtolo kake, n'kugwada patali pang'ono monga mwa ulemu. Iye atatulutsa chitini chofiira, Che Chande anaponya ukonde pansi.

"Chinthu chimenechi chikadali pakhomo pano?"

"Amjomba, milandu ya mbumba yonse mumaweruza ndinu. Sindinamvepo kuti mwagamula mutamva mbali imodzi. Loweruka munamva a Sidik. Lero mumve tiyiyu."

"Tiyi amalankhula?"

"Mukamuphika bwino."

Sanadikire chilolezo. Anachita zonse mwa dongosolo lake: kuphula madzi, kutenthetsa kathipoti, kasupuni kamodzi, kutaya madzi oyamba. Che Chande ankayang'ana ndi diso la m'mbali. Ataona milomo ya mtsikanayo ikugwedera anafunsa chimene ankanong'ona.

"Alifatiha, amjomba. Kawiri. Ndiye muyeso wake."

"Hmm."

Anathira m'tikapu tiwiri, n'kumwa kake mpaka kutha. Kenako anatola tsamba m'kathipoti, n'kulitambasula pambale, n'kukankhira patsogolo pawo.

"Nazo zimene zinkayenda zija. Tsamba. Ngati amjomba anga, amene anapha ng'ona ku Chilwa ndi mkondo, akuopa tsamba, ndichotsa."

Nkhani ya ng'onayo inali yoona theka lokha, koma Che Chande ankaikonda yathunthu. Anatola tsamba lija, n'kuliunika padzuwa, n'kulitembenuza. Kenako anatenga kakapu, kamene m'dzanja lawo lalikulu kankaoneka ngati chitsekerero cha botolo, n'kukafikitsa kumphuno kuti anyoze bwino. Mawu onyozawo sanatuluke. Ananunkhizanso, maso atatsinzina.

"Uwu ndi utsi wa paini," anatero pomaliza.

"Sindikudziwa, amjomba."

"Ine ndikudziwa. Zaka khumi ndi chimodzi ndinacheka matabwa paphiri la Zomba, iwe usanabadwe. Kuzizira kwake kumeneko! M'mawa tinkakoleza makungwa a paini, ine ndi malemu Hasani mnzanga, n'kumawotha mpaka zala zitamasuka kuti zigwire sowo. Utsi wake sufanana ndi wa mtengo wina uliwonse." Anamwa pang'ono, n'kuyendetsa m'kamwa, n'kumeza. Kenako anasuzumira m'kakapu. "Wathiramo uchi?"

"Iyayi."

"Nanga kuzunaku kukuchokera kuti? Kukubwera pambuyo, munthu utameza kale. Thira wina."

Zaina anathira madzi pamasamba omwewo. Che Chande anadabwa kuti masamba ogwira kale ntchito angatulutsenso kanthu, ndipo atalawa anadabwa kawiri. Anati uyu wachiwiri ndiye mwini wake, woyamba uja anali wongotsegula njira. Pa kapu yachitatu anali akufotokoza za Hasani, mmene anagwera m'dzenje la macheka atagwira mbale ya nyemba osataya ngakhale imodzi, ndipo anaseka mpaka kutsokomola. Zaina anali asanawaonepo amjomba ake akuseka chonchi chimwalirire akazi awo.

"Mnyamata wakoyu polemba makalata ndi chitsiru," anatero akupukuta misozi. "Koma kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo munthu wodziwa kudikira madzi chonchi si wopupuluma. Anandipatsa chinthu chabwino, ine n'kuchilavula. Mawa ankhoswe ake abwere. Ndiwalandira."

Zaina anaphimba nkhope ndi manja.

Kumbuyo kwawo kunamveka lichero likugwa, mpunga n'kumwazika. Abiti Juma anali ataima pakona ya nyumba, manja ali kumutu.

"Achimwene! Mwamwa?"

"Ndamwa, chemwali. Bwerani mulawe, tinalakwitsa kaphikidwe."

"Ndilawe? Loweruka munalumbira pamaso pa anthu kuti mnyamata ameneyu sadzaponda pano. Dzulo lomweli munanenanso. Lero makapu atatu okha, mukuseka ngati mwana, mukuti abwere! Zaka zonsezi ndani anakutembenuzanipo inu pa mawu anu? Ine mlongo wanu ndinalephera, malemu alamu analephera. Kodi mankhwala akamagwira amagwira bwanji?"

Che Chande anayang'ana kakapu kali m'dzanja lawo, ndipo Zaina anaona kuseka kuja kukuchoka pankhope yawo pang'onopang'ono. Anakaika pamkeka mosamala, n'kupukuta zala pamkanjo.

"M'mawa uno sindinkamufuna," anatero ngati akudzilankhulira okha. "Tsopano ndikumufuna. Ndipo Hasani ndinali nditamuiwala zaka makumi awiri." Anatembenukira kwa Zaina. "Iwe, ku Liwonde kuja unakafika kuti? Wathiramo chiyani umu?"

"Madzi, amjomba! Madzi a pachitsime chathu chomwechi! Mwaona ndi maso anu!"

"Ndaona milomo yako ikunong'ona."

"Alifatiha!" Zaina anaimirira, ulemu wonse ataiwala, misozi yaukali ikutsika. "Mutalavula munati ndi mankhwala chifukwa akuwawa. Lero mwamukonda, mukuti ndi mankhwala chifukwa akukoma. Ndiye Hamadi akanatumiza chiyani kuti akhale wosalakwa? Mwamva fungo la paini ndi mphuno yanu, mwagwira tsamba ndi dzanja lanu. Mukhulupirira lilime la Sidik kuposa lanu lomwe?"

"Mwamumva mmene akulankhulira?" anatero Abiti Juma akulira. "Mwana wanga sanali chonchi."

Che Chande anadzuka. Sanakalipe, ndipo Zaina akanakonda akanakalipa.

"Mawa anthu a ku Balaka asaponde pano. Chitinichi, kamphika aka ndi iwe wemwe mupita kwa shehe wamkulu ku Ntaja, akaone chimene chilimo, akakusambitse. Mpaka iye atanena, dzina la mnyamatayo lisatchulidwe pakhomo pano."

"Shehe wa ku Ntaja ndi bambo ake aang'ono a Sidik!"

"N'chifukwa chake sitivutika mayendedwe. Chemwali, tumizani mawu kuti njinga ya Sidik ibwere m'mawa."

Atatero anayenda mofulumira kupita kuseri kwa nyumba, akumeza malovu ngati munthu amene akulimbana ndi chinthu chokakamira kukhosi. Zaina anatsala chiimire pakati pa mbaula ndi mpunga womwazika. Patapita kanthawi anamva amjomba ake kuseriko, chala chili kukhosi, akudzisanzitsa tiyi amene anawakomera kuposa wina aliyense m'moyo wawo.